Mabelo a Lachisanu ku Ofesi ya Kamwendo

Mutu uno ndaulemba ndekha m'kope ndi dzanja langa, ndipo Tiyamike akamadzautayipa ndidzakhala pambali pake ndikuwerenga mzere uliwonse. Si kuti mwana wangayo ndi wabodza ayi, koma nkhani ikadutsa m'manja awiri imafika itasintha nkhope. Inu ana anga ndi adzukulu mumandinena kuti agogo sakhulupirira munthu, amanunkhiza ngakhale sopo wa m'sitolo. Ndimamva, makutu anga sanafe. Ndipo sindikana. Koma popeza mwakhala mukufunsa za ntchito imene ndinkagwira, komanso chifukwa chimene mayi wina wa ku Zulu, ku Mchinji, amabwerera ndi thumba la mtedza chaka chilichonse, ndati ndilembe zonse, ndi zondichititsa manyazi zomwe.

Chaka chimene ndinayamba ntchito pa Boma

Za ubwana wanga ndizidumpha, palibe chimene mungatolepo. Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata mu ofesi ina pa Mchinji Boma, ndisanakwatiwe. Makina ake anali achitsulo, olemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo chilembo chimodzi chinkakanirira mpaka uchikoke ndi chala. Bwana wanga anali a Mwale, bambo wamfupi wosakonda kuseka, amene ankatsekera riboni ndi kaboni m'dirowa ngati mankhwala. Zinthuzi zinkasowadi. Kaboni imodzi tinkaigwiritsa ntchito mpaka ukailozetsa ku dzuwa unkaona mtengo wa panja. Riboni ikatha tinkaitembenuza, ikathanso tinkaidonthezera mafuta a makina osokera kuti ilembeko sabata ina.

Tsiku lina kalata ya masamba awiri imene ndinatayipa inafika ku Lilongwe tsamba lachiwiri lili lina, lonena zimene a Mwale sananene. Inabwezedwa, ndipo anandiitana. "Mtsikana iwe, ichi n'chiyani?" Ndinaliyang'ana tsambalo, kenako ndinati, "Bwana, makina anga chilembo ichi amachilemba chotsika. Apa chaima bwinobwino. Si ine." Anavala magalasi, anayang'ana, n'kungoti, "Pita ukagwire ntchito." Amene anasintha tsamba lija sanadziwike mpaka lero, koma ndinkadya naye limodzi masana, chifukwa mu ofesimo tinalipo anthu asanu okha. Kuyambira tsiku limenelo, kalata iliyonse yofunika ndinkaiikira pepala lachitatu, kope langa ndekha, losauza munthu. Khalidwe limeneli mulisunge m'mutu, mudzalionanso kutsogoloku.

Zaka za pa esiteti, kuyambira chaka chimene Tiyamike anabadwa

Nditakwatiwa ndi bambo anu tinasamukira ku Zulu, kumene iwo ankayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya. Ine ndinapeza ukalaliki m'shedi yosankhiramo fodya. Ntchito yanga inali kulemba tikiti ya belo lililonse, mtundu wa fodya ndi nambala ya tenanti mwini wake. Inu adzukulu obadwira m'tauni simunaonepo kudinda belo. Fodya wodzaza ngodya yonse ya shedi amamuika m'bokosi la matabwa, amuna awiri n'kumazunguza jeke mpaka mulu wonse uja usanduke chinthu chimodzi chokwanira bwino pa lole. Akasoka chiguduli, za m'kati sizionekanso. Apa ndiye panali nkhani. Ena ankaika fodya wabwino pamwamba ndi pansi, pakati n'kubisapo wonyowa kapena zinyenyeswa zosesa pansi. Belo lotere likagwidwa ku okushoni linkabwerera, ndipo pa tikiti pake panali dzanja langa. Zinandichitikira kamodzi kokha. Kuyambira pamenepo ankadinda ine ndili chilili pomwepo, ndipo asanasoke ndinkapisa mkono mpaka m'chigongono. Amuna a pa jeke ananditcha Mayi Pisani, ndipo dzinalo linakula kuposa la Chisale limene ndinakwatiwa nalo.

Kumeneko ndiko ndinadziwira Esinati. Anachokera ku Mulanje pa lole ya matenanti, iye ndi mwamuna wake, mwana mmodzi ali kumsana. Ana ena anayi anabadwira pa esiteti pomwepo, mwamuna anamwalirira pomwepo, manda ake ali pomwepo. Ku Mulanje analibenso munda woti n'kubwererako. Mabelo ake ndinkawapisa ngati a wina aliyense, iye n'kumaseka atagwira m'chiuno. "Pisani achemwali, pisani. Mukapezamo mwamuna mundipatse ine." Zaka zonsezo sindinapezemo kanthu n'kamodzi komwe. Komabe sindinasiye.

Chaka chimene ndinasamukira ku Kamwendo, imvi zitayamba

Bambo anu atamwalira, mwini esiteti uja anasiya fodya. Gawo lina la malowo linaperekedwa kuti ligawidwe kwa mabanja a matenanti amene anakhalapo zaka zambiri, ndipo kabungwe kena kochokera ku Lilongwe kanatsegula ofesi ku Kamwendo kuti kalembe mabanjawo. Ananditenga chifukwa ndinkatha kutayipa komanso matenanti onse ndinkawadziwa ndi nkhope. Lamulo linali losavuta: amene dzina lake lili pa mndandanda tsiku lotseka adzalandira munda, amene palibe, palibe. Ofesi yake inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo, pafupi ndi pamene pamaima akabaza, moti tsiku la msika unkachita kutseka zenera kuti umve zimene munthu akunena. Bwana wanga anali a Zimba, bambo wamtali woseka ndi aliyense, wopatsa moni ngakhale mbuzi. Munthu woseka kwambiri ine ndimamuyang'ana kawiri. Analinso ndi abale ambiri m'deralo, amene ankabwera kudzakhala pa benchi ya panja popanda chifukwa, ndipo ine ndinkawawerenga ndi maso.

Kompyuta ya mu ofesimo inali yakale, yochita kupatsidwa. Ukagwira mausi n'kudina chinthu, inkaganiza mpaka tiyi kuzizira. Kuchokera ku likulu anatumiza Mayi Tembo kuti adzandiphunzitse masiku atatu. Anali mayi wa msinkhu wanga, wovala nsapato zachimuna, wosataya mawu. Atandiona ndikulimbana ndi mausi anati, "Mayi Chisale, kameneko kasiyeni. Makina awa ndi okalamba ngati ife, amamva ukawauza ndi mawu." Anatsegula zenera lakuda bii, lopanda chithunzi chilichonse, kamzere kamodzi kakungophethira pakona. Anati mmenemo ukalemba lamulo n'kudina batani lalikulu, makina amachita zimene wanena, osachedwa, osawonjezera. Ndinalikonda zenera limenelo tsiku lomwelo. Silinkandimwetulira.

Tsiku lachiwiri anandiuza kuti Lachisanu lililonse ndizitenga mafayilo onse a ofesi, mndandanda wa mayina ndi makalata, n'kuwafinyira pamodzi kuti akhale fayilo imodzi yaing'ono yosungika. Ndinati, "Ndiye belo limenelo." Anandiyang'ana, n'kuseka koyamba. "Eya, belo. Jeke wake dzina lake ndi tar. Mukamupatsa chilembo cha c amadinda. Mukamupatsa x amamasula. Mukamupatsa t amakuonetsani za m'kati belo lili chitsekere." Ndinati, "Ndiye t ameneyo ndi mkono wanga." Sanamve zimene ndinkatanthauza, ndinachita kuwafotokozera za shedi.

Kenako ananena mawu amene ndinawalemba m'kope langa n'kuwajambulira mzere kunsi. "Lamulo ndi limodzi, mayi. Onani kaye ndi t. Mukatero pangani foda yatsopano yopanda kanthu ndi mkdir, mulowemo, mumasulire mmenemo. Musadzamasulire belo pamene pali ntchito yanu. Mafayilo ochokera ku Lilongwe muzimasula ndi unzip, ameneyo ndi waulemu, akapeza fayilo ya dzina lomwelo amayamba wafunsa. Koma tar safunsa. Akapeza fayilo ya dzina lomwelo amangoikhalira pamwamba, phee, yakale ija n'kulowa m'malo mwa yatsopano, osanena kanthu." Ndinayankha kuti ine sindine munthu woti n'kuiwala zotere.

Panali malamulo ena awiri. Poti malo mu kompyutamo anali ochepa, tizisunga mabelo anayi omalizira basi, akale tizifufuta. Lina linali lakuti mayina a anthu asatuluke mu ofesi mwa njira iliyonse, ndipo pa limeneli ndinasayina pepala. Ndinasayina ndithu. Koma ine kufufuta belo chifukwa munthu wanena, mtima unakana. Ndinaitanitsa fulashi, kachipangizo kosungiramo mafayilo, kwa mayi wina wochita geni ku Chipata, ndinaiyesa katatu kuti ndione ngati si yabodza, ndipo Lachisanu lililonse, a Zimba akatuluka, belo la sabata imeneyo ndinkalikoperamo. Fulashiyo inkakhala pa mfundo ya chitenje changa. Linali pepala lachitatu lija, litangosintha maonekedwe.

Miyezi yolemba mayina, chilimwe cha chaka chomwecho

Sabata yoyamba inayenda bwino. Munthu ankadzaza fomu, a Zimba n'kusayina, ine n'kulowetsa dzina mu kompyuta. Lachisanu ndinadinda belo loyamba. Sabata yachiwiri mafomu anatha, ndipo ku Lilongwe anati adzatumiza akapeza mapepala. Inali sabata ya mabanja a kutsidya kwa dambo, khumi ndi limodzi, amene ananyamuka m'bandakucha n'kufika dzuwa lili pamutu. A Zimba anati, "Alembeni mu kompyuta momwemo." Ndinati, "Bwana, popanda pepala?" Anati, "Nanga anthu ayenda ulendo wonsewu, tiwabweze?" Ndinawalemba, koma mumtima ndinati bambo awa akufuna pasakhale umboni. Esinati anali wachisanu ndi chiwiri. Sadziwa kuwerenga, koma anazungulira tebulo n'kuti, "Ndionetseni pamene ndili ine." Ndinamulozera, iye n'kugwira sikirini ndi chala, kusiyapo chidindo cha thukuta. Lachisanu ndinadinda belo lachiwiri, mayina onse khumi ndi limodzi ali m'kati.

Lolemba lotsatira a Zimba analowa akuthamanga. Kalata ya malire a malowo, imene anaifufuta mwangozi sabata yachiwiri ija, inkafunika pa msonkhano pa Boma, ndipo galimoto inali panja dalaivala akuimba hutala. "Mayi Chisale, ndipulumutseni." Ndinadziwa kuti kalatayo inali m'belo loyamba. Ndinatsegula zenera lakuda, ndinalemba tar -xzf ndi dzina la belolo, ndinadina. Kalata inatuluka, ndinaisindikiza, a Zimba anailandira ndi manja awiri. "Inu ndinu dokotala ndithu!" Ndinamva kukoma, sindiname. Foda yopanda kanthu ija sindinaipange. Sindinazindikire n'komwe kuti sindinaipange. Masana ake mafomu anafika, anthu ena anabwera, ndinatsegula mndandanda n'kupitiriza kulemba kunsi kwake ngati kale.

Sabata yomata mndandanda, mvula ili pafupi

Patapita masabata asanu ndi awiri tinatseka kalembera. Lolemba tinamata mndandanda pa chitseko kuti anthu adzione, ndipo Lachisanu unayenera kupita ku Lilongwe osasinthidwanso. Lachiwiri m'mawa Esinati analowa mu ofesi osagogoda. Sanaseke.

"Achemwali, akuti ine mulibe."

"Akutero ndani?"

"Andiwerengera anthu atatu. Mulibe ine, mulibe aliyense wa kutsidya kwa dambo. Koma ine dzina langa ndinaligwira ndi chala, inu mukuona."

Ndinatsegula mndandanda, ndinafufuza. Munalibedi. Ndinamasula mabelo anayi a mu ofesi, lililonse mu foda yakeyake monga mwa lamulo, ndipo onse munalibe. Panja anthu anayamba kuchuluka. Wapampando wa komiti ya matenanti, a Likaka, anandikokera pambali pa khonde. "Mayi, kompyuta imeneyi amaigwira ndani?" Ndinayankha kuti, "Ine ndi a Zimba. Ine anthuwo ndinawalemba. Zinazo kafunseni iwo." Sindinakweze mawu, koma pofika masana akabaza onse ankanena kuti a Zimba agulitsa malo a anthu a ku Mulanje kwa abale awo. A Zimba anaimba foni ku Lilongwe ine ndikumva. Yankho linali lakuti kalembera watsekedwa, ndipo dzina silingawonjezedwe pokhapokha patakhala umboni woti munthuyo analembetsa nthawi isanathe, kaya fomu, kaya cholembedwa cha mu kompyuta chokhala ndi tsiku. Fomu panalibe. Esinati anakhala pa benchi mpaka titatseka. Pochoka anangoti, "Ndipita kuti ine ndi manda aja?"

Lachitatu magetsi anazima kuyambira m'mawa. A Zimba anapita pa Boma kukadandaula, ine ndinatsala ndekha, kompyuta ili zii, ndikuwaweruza mumtima. Ndinakumbukira abale a pa benchi aja, ndinakumbukira zoti tilembe popanda pepala, zonse zinkagwirizana bwinobwino. Magetsi atayaka masana ndinakhoma chitseko n'kumasula mfundo ya chitenje. Cholinga changa chinali choti ndipeze sabata imene mayina anasowa, ndiwagwire bambowo ndi tsiku lomwe.

Ndinayamba ndi mkono wanga uja. Ukalemba tar -tvzf ndi dzina la belo, umaona fayilo iliyonse ya m'kati, kukula kwake ndi tsiku lake. Ndinalemba m'kope kukula kwa mndandanda m'belo lililonse. M'belo loyamba unali waung'ono. M'lachiwiri unali utakula. M'lachitatu unali wocheperako kuposa m'lachiwiri. Mndandanda wa kalembera umakula, suchepa. Ndinapanga foda yopanda kanthu, ndinamasuliramo belo lachiwiri, ndipo mayina onse khumi ndi limodzi anali momwemo, Esinati wachisanu ndi chiwiri. Ndinati ndawagwira. Ndinabwereranso ku belo lachitatu kuti ndione china chimene chinasintha sabata imeneyo, ndipo maso anga anagwera pa fayilo imodzi imene m'belo lachiwiri munalibe, koma m'loyamba ndi m'lachitatu inalimo. Inali kalata ya malire.

Pamenepo ndinamvanso hutala ya galimoto ija. Ndinaona zala zanga zikulemba x mu foda ya ntchito. Pofuna kalata imodzi ndinamasula belo lonse la sabata yoyamba pamwamba pa ntchito yanga, mndandanda wakale n'kukhalira watsopano, phee, monga ananenera Mayi Tembo. Sabata yonse ya anthu a kutsidya kwa dambo ndinaifufuta ine, a Zimba akundiyamika kuti ndine dokotala.

Ndinabwereza kawiri, mwina ndalakwitsa kuwerenga, koma makina aja sasintha mawu pofuna kukusangalatsa. Umboni umene ku Lilongwe ankaufuna unalipo, belo lachiwiri ndi tsiku lake. Koma belo limenelo mwa lamulo linayenera kukhala litafufutidwa kalekale, ndipo linali pa fulashi imene ndinasayinira kuti sindidzakhala nayo. Kuionetsa kunali kuulula zinthu ziwiri, kuti ndinafufuta mayina ndine, ndi kuti miyezi yonseyi ndinkatuluka ndi mayina a anthu pa chitenje. Ntchito ikanatha kutha, ndipo nthawi imeneyo ndinkalera adzukulu awiri. Kukhala chete kunali kosavuta. Palibe amene ankandiganizira ine. Mayi Pisani angalakwitse? Ndikanangomanganso mfundo ija, Lachisanu mndandanda n'kupita. Ndikunena zoona, ana anga, ndinaimanga. Ndinayenda nayo mpaka kunyumba, ndinaphika, ndinadya pang'ono.

Lachinayi m'mawa ndinapeza a Zimba atafika kale. Sanaseke, sanapereke moni wa masiku onse. Anati akazi awo anapita ku msika ndipo palibe anawayankha moni. Panja Esinati anali atakhala kale pa benchi ndi anzake, atanyamuka kwawo kusanache.

"Bwana, mayina aja ndawapeza."

Anadzuka pa mpando. "Ali kuti?"

Ndinamasula mfundo n'kuika fulashi pa tebulo. Anaiyang'ana osaigwira.

"Imeneyi ndi ya ofesi?"

"Ndi yanga. Muli mabelo onse kuyambira loyamba."

"Mayi Chisale, mukudziwa zimene munasayinira?"

"Ndinawerenga kawiri ndisanasayine."

"Nanga anafufuta mayinawo ndani?"

"Ine, bwana. Tsiku la kalata ya malire lija."

Ndinawaonetsa pa zenera lakuda, belo ndi belo. Anakhala pansi n'kugwira mutu. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, poti anali atamva kale zimene ndinanena kwa a Likaka. M'malo mwake anatsitsa mawu. "Tiyeni titere. Belo limenelo tilikopere mu kompyuta, tinene kuti linali momwemo. Za kufufutazo tinene kuti makina ndi akale, analakwitsa okha. Inu muli ndi ana oti muwalere." Munthu amene ndinamuika m'kamwa mwa akabaza ndi amene ankandifunira njira. Ndinati, "Bwana, Mayi Tembo akadzapisa adzaona kuti belolo lalowa lero, ndiye umboni wonse udzaoneka wopeka, anthu aja n'kuluza. Komanso mayina akangobwerera mwakachetechete, panjapo adzati mwabweza chifukwa mwagwidwa. Mawu amenewo ndinawayambitsa ndine. Ndikawatole ndekha."

Ndinatuluka pa khonde. Panali a Likaka, mabanja a kutsidya kwa dambo, ndi akabaza atatsamira njinga zawo. Ndinawafotokozera m'chinenero cha m'shedi, poti onse ankachidziwa. Ndinati ndinamasula belo lakale pamwamba pa fodya watsopano, osayang'ana kaye, osasesa malo. Ndinati a Zimba sanagulitse dzina la munthu, ndipo zimene ndinanena Lachiwiri ndinalakwa. Ndinati mayina apezeka. Kenako Esinati anaimirira, anagwira m'chiuno ngati kale.

"Iii, achemwali! Zaka zonse zija mukupisa mabelo anga, lanu lomwe simunapise?"

Anthu anaseka mpaka akabaza kugwetsa njinga. Ine sindinaseke. A Likaka anavula chipewa n'kulowa mu ofesi kukagwira a Zimba chanza.

Mayi Tembo anafika Lachisanu pa minibasi. Sanandikalipire. Anakhala pa mpando wanga, analemba tar -tvzf, anayang'ana masiku a m'belo lachiwiri, anapanga foda yopanda kanthu, anamasula, anawerenga mayina mmodzimmodzi. Anaimba foni ku likulu kuti umboni ulipo ndipo mndandanda uchedwe sabata imodzi. Kenako anandionetsa kuti ukafuna fayilo imodzi yokha m'belo umangolemba dzina lake kumapeto kwa lamulo, tar n'kutulutsa yokhayo. "Ndinalakwa osakuphunzitsani chimenechi," anatero. Fulashi ija anaiika m'chikwama chawo. Ntchito sanandichotse, koma anati ndilandire kalata yochenjeza. Poti wotayipa mu ofesimo ndinali ine ndekha, kalatayo ndinaitayipa ndekha, a Zimba akutchula mawu ali cheucheu kuyang'ana pa zenera. Pamene anati "munalakwitsa pang'ono," ndinachotsa "pang'ono." Kope lachitatu ndinalisunga, lili m'sutikesi yobiriwira, mudzalipeza.

Chaka chopuma ntchito, ndi lero

Ndinagwirabe ntchito ndi a Zimba zaka zinayi mpaka ofesi itatsekedwa, ine n'kupuma. Ankasekabe ndi aliyense, ndipo ine ndinkawayang'anabe kawiri, sindikunamizani. Chimene chinasintha n'chakuti ndisanadine batani lalikulu lija ndinkachotsa manja pa kiyibodi, n'kuwerenga mokweza zimene ndalemba ngati zalembedwa ndi munthu wachilendo. Galimoto iimbe hutala, bwana adumphedumphe, foda yopanda kanthu ndinkaipanga kaye.

Esinati analandira munda wake kutsidya kwa dambo, pafupi ndi manda a mwamuna wake. Fodya sanabzalenso, anabzala mtedza. Atakolola koyamba anafika kuno kunyumba pa kabaza, thumba lili kumbuyo, losokedwa bwino pakamwa. Tinapatsana moni, anamwa madzi, n'kukhala pa khonde akundiyang'ana. Ndinathokoza, ndinati ndilisunga m'nyumba. Anati, "Ayi achemwali, ine ndikudikira." Ndinati, "Mukudikira chiyani?" Anati, "Ndakwera kabaza ulendo wonsewu kuti ndidzaonere. Tengani mphasa."

Ndinatenga mphasa, ndinaikutumula kuti pasakhale kanthu, ndinaiyala pabwalo. Ndinadula ulusi n'kukhuthulira thumba lonse pamenepo. Mtedza unali wabwino kuyambira pamwamba mpaka pansi, wopanda wofumbwa, wopanda mwala. Chaka chathachi anabweranso, wayamba kuyendera ndodo. Mphasa anaipeza nditayala kale.